Mutu 6: Chitsulo cha Pakati pa Nsapato

1. Mawu a pabenchi

Tsiku limene anachotsa chikhakha chomaliza pamiyendo ya Lungowe, ba Maambo anatikhazika tonse atatu pabenchi: ine Choolwe, mwamuna wanga Sinyinda, ndi apongozi anga, amake Sinyinda. Ba Maambo ndi bambo wachikulire amene amawongola mapazi a ana kuchipatala.

Lungowe ndi mwana wanga woyamba. Anabadwa mapazi onse awiri atapindikira m'kati, kunsi kwake kukuyang'anana. Kwa milungu ingapo ba Maambo ankawawongola pang'onopang'ono ndi manja, n'kuwakulunga m'chikhakha kuyambira kuzala mpaka kuntchafu. Pomaliza adokotala anacheka pang'ono mtsempha wa kumbuyo kwa chidendene kuti phazi lizitha kuponda pansi. Tsikulo mapaziwo anatuluka owongoka, ofiira, khungu likusupuka. Ndinawagwira m'manja mwanga.

Kenako ba Maambo anatulutsa tinsapato tiwiri tachikopa, totseguka kuzala. Pansi pake panali chitsulo chimodzi cholumikiza nsapato ziwirizo, chomangidwa ndi mabawuti.

"Mvetserani nonse, osati amake okha," anatero. "Phazi la mwana uyu sitinalichiritse, talinyengerera chabe. Mafupa ake akadali ofewa ngati khutu lanuli, ndiye amamvera. Koma mitsempha ya m'kati imakumbukira kumene inachokera, ndipo idzakoka usana ndi usiku kuti phazi libwerere. Chimene chimaikaniza si nsapato izi ayi. Nsapato ni zogwirira chabe. Ntchito yonse ili pa chitsulo ichi. Chimagwira mapazi kuti aziyang'ana kunja ngati a bakha. Mukachichotsa, ngakhale nsapato zili kumapazi, mwana sanavale kanthu. Miyezi itatu yoyamba azivala usana ndi usiku, kuvula posamba pokha. Kenako usiku wokha, mpaka akwane zaka zinayi. Adzalira. Anthu adzanena. Kumubereka kumsana kudzavuta. Ndaona makolo ambiri akugwedeza mutu pabenchi lomweli, ndipo ndawaonanso akubwera ndi mwana woyendera m'mbali mwa phazi. Uyu musadzandibweretsere choncho."

Tonse tinagwedeza mitu. Koma maso a Sinyinda anali pafoni, poti ndege ya alendo amene amawanyamula pantchito inali pafupi kutera. Apongozi anali kutembenuzatembenuza kansapato kamodzi m'manja.

"Chikopa chabwino ichi," anatero. "Sichingang'ambike msanga."

2. Mabawuti owala

Timakhala kukomboni ya Nakatindi, m'nyumba ya apongozi. Sinyinda amayendetsa kabasi kotenga alendo kubwalo la ndege kupita nawo kumaloji ndi kumathithi. Ine ndimachapa ndi kusita nsalu zogonera paloji ina ya m'mbali mwa msewu. Ntchitoyo ndinaipeza movutikira, poti sukulu ndinalekera giredi 11, ndipo kochapira salola ana.

Choncho m'mawa uliwonse Lungowe ankapita ndi agogo ake kumsika wa Maramba, kumene amagulitsa nsomba zouma za ku Mwandi. Masiku amene ndinkaweruka mochedwa, ankagonanso kuchipinda kwa agogo akewo.

Ine ndine munthu wamantha, ndipo pakhomo aliyense amadziwa. Mwana akatsokomola kamodzi ndimakhala nditamugwira kale pachipumi. Sinyinda amanditcha "ba sekyuliti." Ndikafika kunyumba ndinkayamba ndi mapazi, ndipo nthawi zonse ndinkapeza nsapato zili kumapazi, chitsulo chili m'malo mwake.

Koma tinthu ting'onoting'ono tinayamba kundisowetsa mtendere. Mitu ya mabawuti, imene inali yakuda, inayamba kuwala m'mbali. Chitsulocho chinkanunkha nsomba kuposa mwana mwiniwakeyo. Ndiyeno tsiku lina ndikumusambitsa, ndinaona phazi lamanzere likuzembera m'kati. Ndinayesa kulikankhira m'mwamba monga anandiphunzitsira ba Maambo. Linakana. Chidendene chinali chitakwera, cholimba.

"Atate ake Lungowe, tabwerani muone."

Anabwera akutafuna, nayang'ana ali chiimire. "Mwayambanso, ba sekyuliti? Phazi ni phazi. Ana onse amapinda timapazi m'madzi."

"Silinali choncho mwezi watha."

"Amama analera ana asanu. Iwe uli na mmodzi chabe, manje ufuna kuwatsegulira sukulu?"

M'mawa mwake ndinapempha abwana akochapira kuti andilole kuweruka masana.

3. Kumsika wa Maramba

Unali mwezi wa Okutobala, ndipo dzuwa linkaotcha ngakhale pansi pa malata. Ndinadutsa mzere wa tomato, wa makala, mpaka fungo la nsomba linandilandira. Ndinawaona apongozi asanandione.

Apongozi anali atawerama, akuunjika nsomba m'milumilu. Lungowe anali kumsana kwawo m'chitenje, mwendo wina uku wina uku, nsapato iliyonse ikulendewera payokha. Chitsulo chinali patebulo. Anali atatsendereza nacho manyuzipepala okulungira nsomba kuti asauluke ndi mphepo. Pakona ya chitenje chawo panali kasipanala komangidwa ndi chingwe.

"Ee, ba nesi abwera!" anafuula mayi wogulitsa nyemba pafupi. "Amake Sinyinda, bisani katundu!"

Apongozi anaweramuka. Sanadzidzimuke. Anandikankhira chigoba cha ndowa ndi phazi.

"Khala pansi, amake Lungowe. Usaimirire monga wabwera kugwira wakuba. Nsapato wazipeza kumapazi, si choncho? Sininamuvule ngakhale tsiku limodzi. Koma nikufunse, iwe wophunzira. Mwana amene miyendo yake yamangidwa pamodzi, ungamubereke bwanji? Miyendo ipita kuti? Tsiku loyamba ninayesa. Chitsulo chinanidula msana, mwana analendewera monga thumba la mchere, analira mpaka kusanza. Nimuike pansi? Pansi apa, pa madzi a nsomba na mawilibala? Nimunyamule m'manja, nigulitse na chani, na mano? Azimayi onse apa anali kunifunsa kuti mwana analakwa chani kuti timumange monga wa kundende. Wokonza njinga wa pamsika pano ndiye ananithandiza na kasipanala aka. M'mawa nimasula, madzulo nimanga. Nsapato za kuchipatala ali nazo. Manje vuto ili kuti?"

"Amama, ba Maambo anati nsapato ni zogwirira chabe. Chimene chigwira ntchito ni chitsulo."

"Ba Maambo anaberekapo mwana kumsana?"

Azimayi a mzere wonsewo anaseka. Wa nyemba uja anachita kuwomba m'manja.

"Nanga usiku," ndinafunsa, mawu akutuluka pang'ono, "akagona kwa inu?"

Apongozi anatola nsomba imodzi, naigwedeza kuti fumbi lichoke. "Atate ake amauka kukadali mdima kukayendetsa azungu. Mwana akamamenya chitsulo pakhoma usiku wonse, munthu angagone? Kawafunse iwo amene anapempha."

Ndinamasula chitenje kumsana kwawo ndekha. Ndinatenga mwana, ndinatenga chitsulo. Manyuzipepala anauluka, koma sindinacheuke.

4. Phazi lamanzere

Ba Maambo ndinawapeza akutsuka manja, ali pafupi kuweruka. Ataona chitsulo chili m'dzanja langa osati kumapazi a mwana, anapukuta manja pang'onopang'ono n'kundilozera bedi.

Sanandikalipire. Anagwira phazi lamanja, nalipinda m'mwamba, linamvera. Anagwira lamanzere. Anaika chala kunja kwa kakolo, nayesa kulitembenuza. Lungowe anakuwa.

"Lamanja lapulumuka," anatero. "Ili labwerera."

"Ndiye basi, ba Maambo? Chatha?"

"Sichinathe. Tiyambirenso. Chikhakha sabata ndi sabata, kenako adokotala achekenso mtsempha uja. Kachilonda kake kamakhala kakang'ono ngati njere ya mpunga, ndipo mtsempha umalumikizana wokha uli wautali. Koma tabwerani kuno."

Ananditengera pakhomo la chipindacho. Pabenchi la m'khonde panakhala mtsikana wovala yunifolomu ya sukulu, wa msinkhu wa mng'ono wanga. Ataitanidwa dzina anaimirira, nayamba kuyenda. Mapazi ake anali opindika, zala zikuyang'anana. Ankaponda ndi m'mbali mwa phazi, ndipo pamene ankapondapo panali chikhungu chakuda, chokhuthala, chong'aluka. Nsapato zake zinali zosokedwa ndi mphira wa tayala. Poponya phazi lililonse ankadutsitsa mwendo pamwamba pa unzake. Sanayang'ane munthu.

"Uja anabwera kuno ali wakhanda, ndipo tinamuwongola bwinobwino," anatero ba Maambo motsitsa mawu. "Anapita naye kumudzi, chitsulo chinasanduka chosonkhezera moto. Amake Lungowe, lero zitheka chifukwa mafupa a mwana wanu akadali ofewa. Panopa sanayambe n'kukwawa komwe. Akangoyamba kuima, thupi lonse lidzatsamira paphazi lopindikalo, ndipo mafupa adzauma momwemo. Pamenepo si nkhani yocheka mtsempha ayi. Kumakhala kumugoneka tulo kufiyeta, kutsegula phazi, kusema fupa, kulowetsa mawaya. Phazi limatuluka lowongoka, inde, koma louma ngati thabwa, ndipo ambiri limawapweteka moyo wonse. Ine sindingalowe m'nyumba mwanu kukalamula akuluakulu. Ndingokuuzani kuti mawa m'mawa ndi tsiku loika zikhakha. Mubwere naye. Za kumubereka tidzakambirana, njira zilipo, ena amamunyamulira kutsogolo, ena amamuyalira m'beseni lalikulu pamthunzi. Koma musadikire kuti apabanja onse agwirizane. Fupa silidikira msonkhano."

5. Chikwama pakhomo

Ndinafika ku Nakatindi dzuwa likupendeka. Pakhonde panali matumba opanda kanthu, opindidwa bwino, amene apongozi amatengera nsomba. Pambali pake panali chikwama chabuluu. Zipi yake inali yosatseka, ndipo pamwamba ndinaona kadiresi ka Lungowe ka kutchalitchi.

Apongozi anali atakhala pampando, Sinyinda pa sitepe. Zinkaoneka kuti nkhani anali atakamba kale, ndipo ankangodikira ine. Ndinagwada pansi mwana ali pamiyendo, n'kufotokoza zonse zimene ba Maambo ananena, mpaka za mtsikana wa nsapato za tayala.

"Wamaliza?" anafunsa apongozi.

"Namaliza, amama."

"Manje nimvere ine. Anamudula kamodzi, ninakhala chete. Mwana wa miyezi iwiri, mpeni! Ninalira m'chimbudzi cha chipatala kuti iwe usanione. Anati akadula ndiye kuti zatha. Lero afuna kudulanso. Chaka cha mawa adzati chani? Adzadula mpaka phazi lithe. Kwathu kuseri kwa Mwandi kuli bambo amene manja ake ni odalitsika. Mlongosi wanga anathyoka mkono atagwa m'ngolo, bambo uja anathowa na madzi a makungwa, anamanga na timitengo, lero mlongosi wanga akupalasa bwato. Kulibe mpeni, kulibe unyolo. Mawa nipita kukagula nsomba, ndipo nipita na mwana. Adzabwera mvula ikatha. Phala adya kale, sadzafa na njala. Iwe uli na ntchito, gwira ntchito."

"Amama, mkono uja unathyoka. Phazi ili silinathyoke, ni mitsempha imene ikoka. Mvula ikatha adzakhala atayamba kuima, ndiye kuti mafupa..."

"Nikuchenjeze, mwana wanga, chifukwa amako kulibe kuno kuti akuuze. Lero wanichititsa manyazi pamaso pa anzanga, wanivula mwana kumsana monga nine wakuba. Nakhululuka, ndiwe mwana. Koma mkazi amene amatenga mawu a kunja n'kuwaika pamwamba pa mawu a m'nyumba sakhalitsa pabanja. Nawaona ambiri, anzeru kuposa iwe, lero akhala okha m'tizipinda twa lendi. Mwana uyu ali na dzina la amayi anga ondibala. Uganiza ningamufunire choipa? Ni magazi athu. Akalemala, ni ife amene tidzamunyamula."

Anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje. Misoziyo inali yeniyeni, ndipo zimenezo ndi zimene zinandiopsa kwambiri.

Ndinayang'ana Sinyinda. Iye anayang'ana nsapato zake.

"Amama anena," anatero.

Apongozi anaimirira. "Lero agone na iwe, umuyamwitse, umutsanzike. Wa takisi namuuza kale, abwera kukangocha kutipereka ku basi."

6. Kuseri kwa nyumba

Sinyinda ndinamupeza pampopi akutsuka nsapato zake za kuntchito.

"Munadziwa," ndinatero.

"Ninali kufuna tulo chabe, Choolwe. Nikasinza pa sitiyaring'i na alendo m'galimoto, udzanena chani? Chitsulo chija chinali kulira monga munthu akukhoma malata."

"Tiyeni mawa mukamve nokha. Mukaone mtsikana uja."

"Mawa nili na ndege ya m'mawa."

"Ni mwana wanu, atate ake Lungowe. Ndege ibwera tsiku lililonse."

Anataya bulashi m'madzi. "Iwe uganiza ine sinimva chisoni? Nili pakati. Uku amama, uku iwe. Koma nikuuze zoona, ukamutenga mwana popanda amama kulola, usabwerenso pano. Sinikuopseza. Nikuuza mmene zilili."

Analowa m'nyumba nsapato zikudontha madzi.

Ndinapita kuseri kwa chimbudzi, kumene mawu safika pakhonde, n'kuimbira ba anti Harriet. Iwo ndi mng'ono wawo wa malemu amayi anga, ndipo amakhala m'tauni, kufupi ndi chipatala. Anamvetsera osandidula.

"Choolwe, mvera," anatero. "Kwathu ife Atonga mwana ni wa kwa amake, ndiye pakhomo panga ni pakhomo pake. Mphasa ilipo. Koma uganize bwino, chifukwa ukatuluka pakhomo paja watuluka. Mwamuna angakutsatire, angalekenso. Ntchito ingathe, poti ine sininganyamule mwana tsiku lonse na msana wanga uwu. Anthu adzati unathawa banja, ndipo kutchalitchi adzakuyang'ana. Zonsezo uzidziwe lero, usadzalire mawa kuti sunauzidwe. Ndipo china, usayende mumdima. Mwezi uno njovu zituluka m'nkhalango kufuna mango m'makomo. Sabata yatha zinaponda bambo wa njinga kufupi na kwanu komweko, wamva iwe. Dikira kuche, ukwere basi."

"Kukacha, wa takisi adzakhala ali pakhomo."

"Ndiye uza atate ake akuperekeze na galimoto."

"Akana."

Pafoni ndinkamva wailesi ikulira m'nyumba mwa ba anti.

Lungowe anali m'manja mwanga, akuseweretsa batani la bulauzi yanga. Phazi lamanzere linali litapinda, kunsi kwake kukuyang'ana mwendo unzake, kofewa, kosapondapo dothi.

"Ba anti," ndinatero, "musakhome chitseko. Nibwera kukadali mdima."

"Choolwe! Wamva zimene nanena za njovu?"

"Namva."

Ndinadula foni. Ndinasuzumira pakona ya nyumba. Apongozi anali atalowa kukapemphera, chikwama chabuluu chili pomwe chija. Ndinatulutsamo tizovala titatu ndi kabulangete, n'kukankhira m'malo mwake matumba awiri opanda kanthu aja kuti chikwamacho chisaoneke chophwa. Zovalazo ndinazibisa pansi pa beseni lochapira, kunja, pafupi ndi geti.

Mdima unali utayamba kugwa. Kutali, cha kumapeto kwa komboni, kumbali ya msewu umene ndinayenera kudzera, agalu anayamba kuuwa onse pamodzi. Kenako anthu anayamba kumenya zitini, monga amachitira pothamangitsa njovu.